Imfa ya Hooton ndi funso la ma steroid ku America

Patha zaka zoposa 20 chimwalirireni Taylor Hooton, mnyamata wa zaka 17 wa ku Plano m'chigawo cha Texas, koma mtsutso umene imfa yake idautsa sunathebe. Hooton, yemwe ankasewera baseball pasukulu ya sekondale, adadzipha mu July 2003, pasanapite nthawi yaitali atasiya kugwiritsa ntchito mankhwala okulitsa minofu otchedwa anabolic steroids.

Bambo ake, a Don Hooton, adauza komiti ya Nyumba ya Malamulo ya dzikolo pa 17 March 2005 kuti mankhwalawo ndiwo adapha mwana wawo. Tsikulo komitiyo idafunsanso akatswiri a baseball monga Mark McGwire.

Madokotala akuti ganizoli lili ndi maziko. Ma steroid amagwira ntchito ngati testosterone, ndipo thupi likamawalandira limaleka kupanga yakeyake. Munthu akasiya mwadzidzidzi amakhala masabata kapena miyezi ali ndi testosterone yochepa. Amafooka, amasowa tulo, minofu imaphwa, ndipo ena amadwala matenda ovutika maganizo. Choncho nthawi yoopsa kwambiri imadza pomwe makolo akuganiza kuti vuto latha.

Komabe kutsimikiza kuti ma steroid paokha ndiwo amachititsa munthu kudzipha n'kovuta. Ambiri owagwiritsa ntchito amamwanso mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo ena amayamba ali kale ndi nkhawa ya maonekedwe a thupi lawo. Hooton nayenso adali atapatsidwa Lexapro, mankhwala a matenda ovutika maganizo, ndipo mu 2004 bungwe la FDA lidalamula kuti mankhwala a mtundu umenewu azikhala ndi chenjezo loti angathe kuwonjezera maganizo ofuna kudzipha mwa ana ndi achinyamata.

Akuluakulu a boma sadadikire kuti sayansi igamule. Mu 2007 Texas idakhazikitsa lamulo loyeza ophunzira ochita masewero, koma ntchitoyi idathetsedwa mu 2015 itadya ndalama pafupifupi madola 10 miliyoni. Mwa mayeso oposa 60,000, opezeka ndi mankhwalawo adali ochepa zedi. Ena akuti ana adaopa kuyezedwa, koma kuyezako sikunkakhudza n'komwe anyamata ongofuna thupi looneka lamphamvu, omwe sali m'timu iliyonse ya pasukulu.