Pikapu ikafera panjira, woluza ndi mlimi

Ku Tsangano ndi ku Macanga, mapikapu a dizilo ndiwo amatulutsa mbatatesi ndi chimanga m'midzi, koma amafera panjira kawirikawiri. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi dizilo wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi madzi kapena fumbi. Injini zamakono sizipirira zimenezi: sefa imatsekeka, mainjekita n'kuwonongeka.

Makaniko wa ku Furancungo atha kusintha sefa, koma vuto la kompyuta ya galimoto limafuna makina a m'magalaja aakulu mumzinda wa Tete. Kumeneko mwini galimoto amadikira sipeya masiku ambiri, mbatatesi zikuwola m'matumba.

Madalaivala, muzisefa mafuta ndipo muziyenda ndi sefa ina yosungira. Nawonso ogulitsa magalimoto atumize amakaniko awo kufupi ndi alimi.