Gauni ndi zithunzi zisatidyere ndalama ya mayeso

Kuyambira May mpaka July ife makolo sitipuma. Chimanga changolowa kumene m'nkhokwe, a ku Balaka ali kalikiliki ndi thonje, wa Sitandade 8 akulemba PSLCE, wa Fomu 2 akudikira JCE, kenaka MSCE. Mu 2024 ndi 2025 Idi ya Qurbani nayo inagwa mu June, mbuzi n'kufunikanso. Zonsezi zili m'mutu, kalata ya kusukulu yafika: tsiku lakuti tidzatsanzikana ndi a Fomu 4.

Tsikuli timalikonda ndipo sitikunena kuti lithe. Kuno ku Machinga ndi Balaka tonse tikudziwa atsikana amene anayamba limodzi ndi ana athu koma anasiyira panjira chifukwa cha ukwati kapena kusowa fizi. Mwana akafika Fomu 4, chithunzi chake atavala gauni pamwamba pa hijabu chimayenera kukhomedwa pakhoma kuti azing'ono ake azichiona. Bambo ali ku Joni amachidikira pa WhatsApp. Agogo a ku Ntaja kapena ku Nayuchi, amene sangakwanitse ulendo, amachigwira m'manja n'kuti Alhamdulillah.

Chomwe chikutidetsa nkhawa n'chakuti mwambowu umachitika mayeso a MANEB asanayambe, ndipo thumba ndi limodzi lomwelo. Gauni yobwereka, keke, nsalu yofanana banja lonse, minibasi ya achibale, wojambula wochokera ku Liwonde: pofika Lolemba m'thumba mwauma. Kenaka mwana uja akunena kuti alibe kalikyuleta, tochi yowerengera usiku yatha mabatire, ndipo m'masabata onse a mayeso akunyamuka wopanda ngakhale phala. Nafenso tinalakwapo chotere, sitikuloza ena chala. Koma satifiketi ya MSCE imafuna kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo chithunzi chokha chomwe amafunsa pakhomo la mayeso ndi cha pa ID.

Tsiku lenilenilo nalonso timalisokoneza tokha. Aliyense waimirira kutsogolo ndi foni, amayi achikulire kumbuyo sakuona kanthu, mawu a ahedi akungopita ndi mphepo. Azana ya Zuhuri ikumveka, ife tili pamzere wa zithunzi, "kamodzi kokha, kamodzi kokha." Ndipo pafupi ndi khoma pamaima ana awiri atatu amene sanabwereredwe ndi wina aliyense, amasiye kapena ochokera kutali. Anzawo akujambulidwa kakhumi, iwo akunamizira kukonza kolala ya gauni. M'dera lomwe timaphunzitsana ku madrasa za kusamala amasiye, izi zimatichititsa manyazi.

Palinso nkhani ya kutumiza. Chithunzi cha gulu muli ana a eni. Chikakwera pa Facebook sichibwereranso, ndipo mtsikana amene makolo ake sanafunsidwe amayamba kulandira mauthenga kwa amuna osawadziwa mayeso ali pakhomo. Inunso ana athu, musanaike mnzanu pa status, mufunseni kaye.

Tikupempha a PTA ndi a komiti ya mzikiti kuti akhale pansi teremu yachitatu isanatseguke. Wojambula akhale mmodzi, wogwirizana ndi sukulu pa mtengo, ndipo chopereka cha tonse chikwanire kuti mwana aliyense, kaya kwabwera abale kaya ayi, atenge chithunzi chake chotsukidwa ndi china cha kalasi yonse. Pulogalamu iime nthawi ya swala, mafoni atuluke a shehe akamaliza duwa. Gauni sukulu ikhoza kusoketsa zake kwa telala wa konkuno n'kumazisunga chaka ndi chaka, ngati mmene timasungira mipando.

Keke ndi mpunga wa banja tikhoza kudikira nazo mpaka zotsatira zitatuluka. Nthawi imeneyo nandolo amakhala atagulitsidwa, ndipo Insha Allah mwanayo adzajambulidwa atagwira pepala la mapointi ake.