Mwana tikamubisira zoona, amapeka zake

Posachedwapa ife alangizi a zaumoyo a kuno ku Chigwirizano tinaonera pamodzi ndi achinyamata kanema wa ku Mozambique wotchedwa Terra Sonâmbula. Kanemayu anatuluka m'chaka cha 2007, ndipo anawongolera ndi mayi Teresa Prata potengera buku lomwe Mia Couto anasindikiza mu 1992. Si kanema wa Edzi ayi, koma utatha tinangoyang'anana, chifukwa mwana wa m'kanemamo timakumana naye m'makomo sabata ndi sabata.

Nkhani yake ikuchitika pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, yomwe inayamba mu 1977 n'kutha mu 1992. Ambirife tinabadwa nkhondoyo itatha, koma makolo athu amakumbukira anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene anathawira kuno, m'maboma monga Dedza, Ntcheu, Mwanza, Mulanje ndi Nsanje. M'kanemamo muli mnyamata, Muidinga, yemwe sakukumbukira kwawo ngakhale makolo ake. Akuyenda ndi nkhalamba ina, a Tuahir, ndipo awiriwa akubisala m'basi yotenthedwa m'mbali mwa msewu. Pamenepo apeza makope a munthu wophedwa dzina lake Kindzu. M'makopemo muli nkhani ya mayi amene akufunafuna mwana wake wotayika. Muidinga akawerenga akukhulupirira kuti mwanayo ndi iyeyo, ndipo akunyamuka kukafuna mayi ake. Kuchokera apo, woonera sangasiyanitsenso bwino maloto a mwanayo ndi zochitika zenizeni.

Chimene ife tinatolapo n'chakuti mutu wa mwana sukhala wopanda kanthu. Akuluakulu tikakhala chete, mwana amadziyankha yekha mafunso ake. Muidinga anapeka nkhani yomupatsa mphamvu zoyendera. Koma ana ambiri amene timawapeza m'makomo muno amapeka nkhani zowazunza.

Taganizani za mwana wa zaka 9 amene amamwa mankhwala tsiku lililonse, koma anauzidwa kuti ndi a chifuwa. Chifuwa chikatha, iye amaona kuti wachira, ndiye amayamba kubisa mapiritsi kunsi kwa mphasa kapena kuwataya m'chimbudzi. Wina amaona mayi ake akupita kuchipatala mwakabisira, namva anthu akunong'onezana pa mjigo. Iyeyo amaganiza kuti mayi ake analodzedwa ndi agogo, kapena kuti akudwala chifukwa iye ndi wosamvera. Winanso amadzamva za kachirombo kake kuchokera kwa anzake pa masewera, momunyoza. Mwana wotere zimamuvuta kukhulupiriranso mawu a makolo ake.

Tikudziwa chifukwa chake makolo amabisa. Ena amati mwana ndi wamng'ono, sangamvetse. Ena amaopa kuti akaulula kusukulu ndipo banja lonse lisalidwa. Amayi ambiri amaopa funso lakuti, “Nanga ine ndinakatenga bwanji?” Mantha amenewa si opusa, pakuti kusalana kudakalipo m'madera mwathu. Koma tifunsane, abale ndi alongo: kodi kubisako kukuteteza mwanayo, kapena kukuteteza ife ku manyazi?

Kale kuuza mwana kuti ali ndi kachirombo ka HIV kunali ngati kumuuza za maliro ake. Zinthu zinasintha. Kuyambira mu 2004 boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV mwaulere, ndipo kuyambira mu 2011 mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachiromboka amayamba kumwa mankhwalawa nthawi yomweyo. Ana amene anabadwa nako zaka zimenezo lero ena ndi aphunzitsi, ena ali pabanja ndipo abereka ana opanda kachirombo. Zoona zimene tikubisazi n'zabwino kuposa zimene mwanayo akuganiza akagona usiku.

Mu 2011 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo akuti ana a msinkhu wopita kusukulu aziuzidwa ngati ali ndi kachiromboka, ndipo aang'ono aziuzidwa pang'onopang'ono molingana ndi nzeru zawo. Sitikunena kuti mumukhuthulire zonse tsiku limodzi. M'mera mpoyamba. Wamng'ono mungamuuze kuti m'thupi mwake muli asilikali omuteteza ku matenda, ndipo mankhwalawo amawapatsa mphamvu. Akamakula mumuuze kuti muli kachirombo kamene mankhwalawo amakagoneka tulo. Kenako mudzamutchulire dzina lake. Chachikulu n'chakuti pa zonsezi pasakhale bodza limene mudzafunike kulibweza mawa.

Simuli nokha pa ntchito imeneyi. Anamwino ndi aphungu a kuchipatala kumene mumalandirira mankhwala angakhale nanu pamodzi pouza mwana. Ku chipatala cha ana cha Baylor, pa Kamuzu Central, ndi m'zipatala zina zambiri kuli magulu a Teen Club, komwe achinyamata odziwa kale za momwe alili amakumana, kusewera ndi kulimbikitsana pa kamwedwe ka mankhwala.

Pali chinanso chimene makope a Kindzu anatikumbutsa. M'zaka za m'ma 1990 amayi a bungwe la NACWOLA ku Uganda anayamba kulembera ana awo mabuku a chikumbutso, ofotokoza mtundu wawo, mudzi wawo ndi achibale awo. Nthawi imeneyo ambiri ankalemba pokonzekera imfa. Ife lero tingalembe tili moyo ndi athanzi, mwana ali pambali pathu akufunsa mafunso. Kope la kusukulu ndi cholembera n'zokwanira. Kwa agogo ndi azakhali amene mukulera ana amasiye, auzeni anawo kuti mayi awo anali ndani, ankakonda chiyani, ndiponso chimene chinawatenga. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Muidinga anatola mbiri yake m'makope a mlendo chifukwa nkhondo inamulanda omuuza. Ana athu ali ndi ife. Sabata ino mwana akakufunsani za mankhwala ake, musamukalipire kapena kumutuma kukatunga madzi. Mufunseni kaye zimene iye akuganiza, mumvetsere mpaka amalize. Mukasowa poyambira, tiimitseni tikamadutsa m'mudzi muno, tidzakhala nanu pansi.