Kodi osewera mpira m'sukulu za ku Mchinji amathera kuti?

Chaka chilichonse achinyamata aluso pa mpira wamiyendo amalemba mayeso a MSCE m'sukulu za sekondale za m'boma la Mchinji, monga Magawa ndi Ludzi, koma lusolo siliwatsegulira khomo la yunivesite. Ku America makoleji amalipirira maphunziro a osewera odziwa, pomwe kuno bungwe la NCHE limayang'ana momwe wophunzira wakhozera mayeso.

N'chifukwa chake anyamata ofuna kupitiriza mpira maso awo amakhala ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 100, komwe kuli Silver Strikers, Civil Service United, Blue Eagles ndi Kamuzu Barracks, yomwe idatenga ligi ya TNM m'chaka cha 2016. Matimu a apolisi ndi asilikali amakopa kwambiri kaamba koti wosewera angathe kupezerako ntchito yokhazikika.

Nkhawa ili pa otsalira. Wovulala kapena wosiyidwa, ngati alibe satifiketi yabwino, amabwerera kukalima fodya ndi mtedza, kapena kukachita geni pachipata cha Mwami.

Pokhapokha mabungwe a FAM ndi MASSA atagwirizana ndi mayunivesite zosungira malo osewera okhoza bwino m'kalasi, makolo apitiriza kuona mpira ngati mdani wa sukulu.