Thanki ikadontha, wowotcherera akhale womaliza

Okutobala akafika, mathirakitala amene akhala pansi pa mtengo chikololereni chimanga amadzutsidwa kuti akagaule minda mvula isanagwe. Apa m'pamene eni ake ambiri amaona kuti kunsi kwa thanki kwanyowa, fumbi lamatirira, ndipo dizilo amene anamuvutikira pamzere akuthera m'dothi.

Tengani Massey Ferguson 135, imene inkapangidwa ku Coventry m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 koma ikulimabe m'minda yathu. Thanki yake inakhala pamwamba penipeni pa injini ya Perkins ya masilinda atatu, ndipo injini yotere imanjenjemera osati masewera. Kunsi kwa thanki kuli kachitsulo ka mazinga kolumikizidwa ku lata, momwe mumamangidwa kampopi ka mafuta. Kunjenjemera kwa zaka makumi asanu kumathera pamenepo. Madzi amene amalowa m'thanki amakhalanso pomwepo chifukwa ndi olemera kuposa dizilo, ndiye dzimbiri limadya lata kuchokera mkati.

Komabe nthawi zambiri thanki siinang'ambike ayi. Chatha ndi washala, kapena labala wa m'kampopi wauma. Tsukani malowo ndi madzi a sopo, muumitse, muwazepo ufa pang'ono. Pamene payambe kuda ndi pamene pakutuluka mafuta. Ngati ndi washala wa mkuwa wa pa bawuti ya paipi ndipo watsopano palibe, muwotcheni pamakala mpaka afiire, akazizira afewa ndipo agwiranso.

Chimene chimandipweteka ndi dzanja lolemera. Munthu akaona dontho amatenga sipanala, mwina n'kuwonjezerapo paipi kuti ikhale yaitali, n'kumanga mpaka minofu itatuluka. Lata la thanki ndi lopyapyala. Mazinga amadyeka, kachitsulo kaja kamathyoka polumikizira, vuto la washala mmodzi n'kusanduka la thanki yonse. Ena amakulunga tepi yoyera ya mapulambala mpaka kunsonga kwa mazinga. Tizidutswa take timatsika ndi mafuta, kukatseka sefa kapena pampu, thirakitala n'kumazima pakati pa munda.

Pakakhala kuti pang'ambikadi, guluu wa Pratley Steel akhoza kukumalizitsani munda umene mwayamba, bola mukhuthule mafuta, mupale malowo mpaka chitsulo chiwale, pasakhale ndi kafuta komwe. Koma pamalo ponjenjemera, pomwe dzanja limapotokola kampopi tsiku ndi tsiku, musamuyembekezere kufika chaka chamawa.

Ndiye pamabwera maganizo oti tiitane wowotcherera, angodonthezapo pang'ono thanki ili pomwepo. Anthu amadzilimbitsa mtima kuti dizilo sayaka msanga ngati petulo. Ndi zoona, dizilo wozizira mukhoza kumuponyera machesi osayaka, chifukwa amayamba kutulutsa mpweya woyaka akatentha kupitirira madigiri 50. Nanga moto wowotcherera, umene umasungunula chitsulo, ungalephere kufika pamenepo? Thanki yopanda mafuta ndiyo yoopsa kuposa yodzadza, poti mkati mwake muli malo oti mpweya wa mafuta usakanikirane ndi mpweya wamba. Kukhuthula kokha sikuchotsa mafuta amene amabisala m'makona ndi m'dzimbiri. Ikaphulika, nkhope ya mmisiri ili pafupi kwambiri.

Thanki ichotsedwe pa thirakitala, itsukidwe kangapo ndi madzi otentha a sopo, isiyidwe chitsegulire. Amisiri osamala amaidzaza madzi kusiya pokhapo pogwirapo ntchito. Ine ndikanasankha wokonza maradiyeta kusiyana ndi wopanga mageti ndi mabagalabazi. Wa maradiyeta anazolowera lata lopyapyala, ndipo akhoza kumata ndi mtovu pogwiritsa ntchito chitsulo chotenthetsera kutali, lawi osayandikira thanki. Wa mageti, ndi ndodo yake ya magetsi, amaboola pena potseka pena.

Musanaibwezere, thiranimo madzi muone ngati yaleka kudontha, kenaka iume bwinobwino padzuwa, chifukwa madzi amawononga pampu ya dizilo, ndipo mtengo wa pampu simungaufune. Sefa muike yatsopano. Mapaipi atenga mpweya, choncho masulani tizibawuti topumira pa sefa ndi pa pampu, mupope ndi kachala ka pampu yaing'ono mpaka thovu litatha, kenaka mulize thirakitala.