Musathamangire kudula, yambani mwayesa pa katoni

Ambiri akangopeza timamota tinayi ndi batire, amafuna droni iuluke Loweruka lomwelo. Ine ndimati dikirani kaye. Mukalakwitsa chimango, pulayiwudi ndi ndalama zapita.

Jambulani chimangocho pa katoni, kukula kwake kwenikweni, ngati chilembo X. Dulani timapepala tozungulira tofanana ndi mapulopela anu, muike pa nsonga zinayi zija. Tikugundana? Mapulopela a mainchesi 5 amafuna kuti mamota oyang'anizana atalikirane pafupifupi mamilimita 220. Kenako mangirirani batire ndi kamera pamalo pake, munyamule katoniyo ndi chala chimodzi pakatikati. Ikapendekera kumbuyo, ndiye kuti mamota akumbuyo azivutika kuposa anzawo, azitentha. Sunthani batireyo panopa, zikadali zaulere.

Pa mikono ndi pamene ndimatsutsana ndi anzanga. Iwo amaiwondetsa kuti droni ipepuke. Zoona, kulemera n'kovuta, chifukwa mphamvu ya mamota iyenera kuwirikiza kawiri kulemera kwa droni yonse. Koma mkono wowonda umanjenjemera, kachipangizo ka gyroscope n'kusokonezeka, droni n'kumangovina m'malere. Bola kuboola timabowo pakati pa chimango, mikono muisiye yolimba.