Khirisimasi ya kwa Chinsapo anaijambula kale mu 1947

Disembala akangolowa, anyamata oberna mafilimu pa msika wa Kawale, kwa Biwi ndi ku Area 23 amadziwiratu zimene tibwere kudzafuna. Home Alone yoyamba ndi yachiwiri. Zankhondo zomasulira m'Chichewa, zija womasulira amalankhula kuposa eni filimu. Amene ali ndi bandulo yokwanira amatsitsa za Khirisimasi zatsopano, zomwe zonse nkhani yake ndi imodzi: mtsikana wa ntchito yapamwamba wabwerera kwawo kogwa sinowo, wakumana ndi mnyamata wa ndevu zometa bwino, apsompsonana pansi pa mtengo wa timagetsi, yatha. Ndiye tayesani kumuuza mmodzi wa ife kuti pali filimu ya Khirisimasi ya mu 1940 yofunika kuonera. Funso loyamba ndi lakuti, ili ndi kala? Mukati ayi, nkhani yathera pomwepo. Za agogo zimenezo, aise.

Ine ndikukana. Mafilimu akale a Khirisimasi amakamba za lendi, ngongole, kuchotsedwa ntchito ndi kugona mu selo pamene anzako akudya mpunga. Ndiye kuti amakamba za ife. Atsopanowa ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo ena mukawang'amba mulibe ngakhale nyerere zomwe. Mphepo yokhayokha.

Taganizani Khirisimasi yathu mmene imakhalira. Matope mpaka m'mawondo, ngumbi pa getsi, mango paliponse, ana avala zatsopano za pa kaunjika, nkhuku imodzi igawidwe kwa anthu khumi ndi awiri. Kuseri kwa chimwemwecho, kumudzi akuimba foni kuti feteleza bwanji, chimanga chikukwera mtengo pa msika, landilodi akuwerenga masiku, fizi ya Januwale yaima pakhomo. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, kutangotsala milungu yochepa kuti tidye Khirisimasi. Munthu wa moyo wotere mukamuonetsa filimu imene vuto lalikulu ndi lakuti keke yapserera, mwamunyoza.

Chifukwa chimene mafilimu akalewa sitiwadziwa n'chosavuta. Sanafike kuno. Dziko lino linalibe wailesi yakanema nthawi yonse ya Kamuzu, TVM inayamba mu 1999. Zaka zimene mabanja a ku America ankaonera mafilimuwa pa TV Disembala aliyense, makolo athu anali pa wailesi ya MBC. Mavidiyo sho atabwera m'mataunishipi anabwera ndi Bruce Lee, Rambo ndi Commando, kenako za ku Nigeria. Ndiye amene akuti filimu yopanda kala ndi yotopetsa, mufunseni kuti waonerapo iti. Ambiri akukana ndiwo zimene sanalawe.

Yambani ndi It Happened on Fifth Avenue ya mu 1947. Mdala wina wosowa pokhala, Aloysius McKeever, wapeza njira: chaka chilichonse mpondamatiki Michael O'Connor akatseka chinyumba chake ku New York kuthawa kuzizira, mdalayu amalowera pa thabwa logwedera la mpanda, iye ndi galu wake, n'kumavala masuti a mwini nyumba. Chaka chimenechi watola mnyamata, Jim, msilikali wobwera ku nkhondo, amene wathamangitsidwa pa lendi chifukwa O'Connor yemweyo akugwetsa nyumbayo kuti amange chinsanja. Kenako akubwera anzake a Jim, amene amagona m'galimoto ndi akazi ndi ana awo. Mapeto ake mwini nyumba akulowa m'nyumba yake yomwe atadzibisa ngati mmphawi, ndipo akumutuma kutsuka mbale.

Mundiuze kuti imeneyi si Lilongwe. Mzinda umene ku Area 10 ndi ku Area 43 kuli nyumba za zipinda zambirimbiri zongokhala mlonda ndi galu, eni ake ali kunja, pamene kwa Mgona banja lonse lagona chipinda chimodzi, katani pakati. Mzinda umene munthu amabwera kuchokera ku ganyu n'kupeza landilodi wazula chitseko. Filimuyi ndi yoseketsa, koma funso lake ndi lakuthwa: nyumba ikhale yopanda munthu, munthu akhale wopanda nyumba, zonsezi mu mzinda umodzi, ndipo tiziti zili bwino? Inapikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya nkhani yabwino, inagonja kwa Miracle on 34th Street, kenako kwa zaka zambiri anthu anaiiwala.

Yachiwiri, The Shop Around the Corner ya mu 1940, ya Ernst Lubitsch. Mbali yake yaikulu imachitikira mu shopu imodzi ku Budapest. James Stewart ndi Margaret Sullavan ndi ogulitsa awiri odana, osadziwa kuti makalata achikondi amene aliyense akulandira kwa munthu wosamudziwa akuchokera kwa mnzakeyo. Inu amene munagwa m'chikondi pa Facebook ndi munthu woti pa chithunzi anaika duwa, musaseke. Koma chimene chimandigwira ine ndi mantha a ntchito. Muli bambo wina, Pirovitch, amene bwana akangoti akufuna kumva maganizo enieni a antchito ake, iye amazemba n'kukabisala, chifukwa ali ndi mkazi ndi ana. Muli kuchotsedwa ntchito Khirisimasi ili pafupi, popanda mlandu, chifukwa bwana wakuganizira zabodza. Aliyense amene anaimapo kuseri kwa kauntala m'mashopu a ku Area 2 ndi ku Malangalanga, kuseka nthabwala ya bwana yosaseketsa kuti mawa adzalowenso, aizindikira shopu imeneyi m'mphindi zisanu. Ndipo usiku wa Khirisimasi bwana yemwe uja akuima pakhomo la shopu kufunsa antchito mmodzimmodzi kumene akukadya, popeza iye alibe womudikira kunyumba. Akuthera kukadya ndi kamnyamata katsopano kotumidwa. Hollywood inaibwereza nkhaniyi mu 1998, n'kuitcha You've Got Mail, koma mantha a ntchito aja anawachotsamo. Achikondiwo anasanduka eni mabizinesi.

Yachitatu, Remember the Night, ya mu 1940 yomweyo. Barbara Stanwyck ndi mayi amene waba chibangili mu shopu ku New York. Woimira boma pa mlandu, Fred MacMurray, akuona kuti nyengo ya Khirisimasi anthu amakhala ndi chifundo, ndiye akukankhira mlanduwo ku Januwale kuti adzawine. Kenako mtima ukumugunda: wasiya munthu mu selo tchuthi chonse chifukwa cha kuchenjera kwake. Akumukonzera belo, ndipo poti onse kwawo ndi ku Indiana, akumutenga pa galimoto. Atafika, mayi ake omubereka akumukana pakhomo. Akulandiridwa ndi mayi a womuzenga mlandu. Ife tili ndi Maula mu mzinda momwe muno, mmene muli anthu a pa rimandi odikira tsiku la mlandu limene limangosunthidwa. Ndi filimu iti yatsopano ya Khirisimasi imene inakufunsanipo za iwo? Ndipo iyi sikunamizani pomaliza. Chikondi chilipo, koma mayiyo akuvomera yekha mlandu m'khoti, kuti mwamunayo asaononge ntchito yake pomutchinjiriza.

It's a Wonderful Life ya mu 1946 kunja ndi yotchuka, koma kuno ndi angati anaionera mpaka kumapeto? George Bailey amayendetsa kabungwe kobwereketsa ndalama kuti amphawi amange nyumba zawo, asiye kulipira lendi kwa Potter, mdala wa banki amene wagwira tauni yonse pakhosi. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, madola 8,000 a kabungweko asowa. George akupita kukagwada kwa Potter yemweyo, ndipo akuuzidwa kuti mtembo wake ndi wa mtengo kuposa moyo wake. Akupita pa mlatho kuti akadziponye. Tisaname, nkhani imeneyi tikuidziwa. Apolisi athu akamalengeza za anthu odzipha, ambiri amakhala amuna, ndipo ngongole imatchulidwa kawirikawiri. Katapila, banki mkhonde yosokonekera, manyazi oti anthu adziwa. Chimene chikumupulumutsa George ndi mngelo, inde, koma amene akubweza ndalama ndi anansi, aliyense ndi kangachepe kake, kuthira mu dengu pa tebulo. Ndi chipereganyu. Ndi mbale ija imayenda pa maliro, kungoti pano yafika munthu akadali moyo. Funso limene filimuyi ikutisiyira ndi lomwelo: bwanji mbale yathu imadikira bokosi? Filimuyi itatuluka sinabweze bwino ndalama, ndipo mu 1947 a FBI anailemba m'malipoti awo kuti ikununkha chikomyunizimu chifukwa yanyoza anthu a mabanki. Filimu ya agogo yotani imene inaopsa apolisi achinsinsi?

Tsono ndikudziwa zimene mukonzekera kundiponyera. Choyamba, ndi za azungu, zojambulidwa nthawi imene ife tinali pansi pa atsamunda. N'zoona, ndipo sindibisa. Munthu wakuda m'mafilimuwa akaoneka, amakhala wantchito wa m'nyumba. Mu Remember the Night muli Rufus, amene anamulemba ngati chitsiru chongoseketsa azungu, ndipo zimawawa kuonera. Holiday Inn ya mu 1942 ili ndi gawo limene azungu adzipaka zakuda kumaso n'kumavina. Zimenezo tizitchule dzina lake, ndi tsankho. Koma mtsutso umenewu ndiumve kwa munthu amene sanawombere m'manja Rambo akupha anthu a ku Vietnam mu vidiyo sho. Tinaphunzira kale kudya nsomba n'kulavula minga. Bwanji luso limeneli lizitithera pokhapokha filimu ikakhala yopanda kala?

Chachiwiri, n'zochedwa, anthu amangolankhula. Inu amene munakulira pa Tikuferanji? Inu amene mumatha filimu ya ku Nigeria ya magawo anayi, theka lake mayi akulira pa geti? Mtundu wa anthu oti pa maliro timamvera mwambo wa mawu maola awiri osadandaula? Kulankhula si vuto lathu. Vuto ndi lakuti Chingerezi cha mu 1940 chimathamanga, ndipo palibe amene watimasulira.

Apa ndiye pali mlandu wanga weniweni, ndipo ukupita kwa omasulira mafilimu. Inu ma DJ, luso muli nalo. Munapangitsa agogo a kwa Chinsapo kumvetsa filimu ya ku China, munapatsa zigawenga za ku America mayina a kwathu. Ndiye mphamvu yonseyo izingothera pa zipolopolo ndi makofi? McKeever akulalatira mwini nyumba kuti sadziwa kutsuka mbale, m'Chichewa cha ku Kawale, vidiyo sho ingagwe ndi phwete. Pirovitch akuzemba bwana, mayi aliyense wogwira ntchito m'nyumba ku Area 47 angawombe m'manja. Mumati anthu safuna. Anthu sangafune chimene sanachione. Filimu ya Yesu ija ya mu 1979, imene imaonetsedwa pa chinsalu m'mabwalo, ndi yakale, ndi yochedwa, mulibe mfuti, koma anthu amaima pa mphepo mpaka kumapeto. Chinsinsi chake ndi Chichewa basi.

Mlandu wachiwiri ukupita kwa ojambula mafilimu athu. Shemu Joyah anationetsa ndi Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat kuti nkhani ya kwathu ikhoza kuima pa kanema osachita manyazi. Nanga filimu ya Khirisimasi ya ku Area 25 ili kuti? Achinyamata mukudandaula kuti mulibe ndalama, mukufuna droni, galimoto za mabwana ndi nyumba yobwereka ya ku Area 43. Lubitsch anatenga shopu imodzi ndi anthu osakwana khumi, ndipo patha zaka zoposa 80 anthu akuionerabe. Golosale imodzi kwa Biwi, Disembala 24, mwini wake ali ndi ngongole, wogulitsa sanalandire malipiro, magetsi azima, mvula ikugwa. Mukufunanso chiyani? Onerani akalewa ndi kope m'manja, muone mmene amamangira nkhani pa chinthu chaching'ono ngati kalata, chibangili kapena thabwa la mpanda.

Home Alone sindikuilanda. Ana aseke, mbava ziterereke. Koma dziwani kuti mukuonera mwana wa m'chinyumba cha banja loti lonse lakwera ndege kupita ku Paris kukadya Khirisimasi, ndipo mbava ndi zimene zikuphulitsidwa mitu. Mwa anthu onse a m'filimu imeneyo, amene amadziwa mtengo wa lendi ndi mbavazo.

Chaka chino, mukamapita kwa woberna ndi memore khadi yanu, mufunseni It Happened on Fifth Avenue. Adzakuyang'anani ngati mwapenga. Mawa lake atumeni anzanu awiri akafunse yomweyo. Anyamata amenewa ndi a bizinesi, akafunsidwa katatu amakasaka. Mukaipeza, ionereni ndi anthu a pa lendi panu, kenako muzidzakangana kuti landilodi wanu, atamubisa m'nyumba yake yomwe kwa mwezi umodzi, angatsuke mbale kapena ayi.